Kusankha malimu ndi matayala a galimoto yakale yaliwiro: yezani musanatulutse ndalama

MGB GT yanga ikangoima pamsika wa Zomba kapena pothirira mafuta, funso loyamba limakhala la chaka chake. Koma amene ali ndi yake kunyumba, kaya ndi Datsun 240Z yomwe anasiya malemu bambo ake, kaya Ford Capri yomwe yakhala pa njerwa zaka khumi, amabwera ndi funso lachiwiri, ndipo silisintha: "Achimwene, ndaona malimu okongola ku Limbe, a mabowo anayi ngati anga. Alowa?" Ndayankhapo pa foni, ndayankhapo pa WhatsApp, ndajambulapo pansi ndi kamtengo. Lero ndilembe kamodzi kuti wofunsa ndizingomutumizira.

Kulowa ndi kukwana n'zosiyana. Limu likhoza kulowa bwinobwino pa mabawuti, manati n'kumangika, inu n'kulipira, koma tayala n'kumakhula sipuling'i mkatimo osaoneka. Ine zinandionekera. Ndinagula malimu anayi kwa wogulitsa wina amene ananditsimikizira kuti anachoka pa galimoto yofanana ndi yanga. M'tauni ankayenda bwino. Tsiku lomwe ndinakwera nawo phiri kupita ku Ku Chawe, tili awiri ndi katundu kumbuyo, pa makona aja ndinayamba kumva fungo la labala wopsa. Nditaima ndinapeza khoma lamkati la tayala lakumbuyo litapalika kuzungulira konse, ulusi uli poyera. Tayalalo linali latsopano, la masabata awiri.

Konzani tepi yoyezera ya mamilimita, thabwa lowongoka bwino, jeke, zitsulo zokhazikapo galimoto, katoni, dongo lonyowa, ndi kope lolembamo. Zonse muzilemba m'mamilimita. Inchi imodzi ndi mamilimita 25.4.

1. Dziwani tayala lomwe galimoto inabadwa nalo

Musadalire lomwe lilipo panopa. Galimoto ya zaka 50 yadutsa m'manja mwa anthu ambiri, ndipo aliyense ankaika lomwe wapeza. Onani m'buku la galimotoyo, kapena pa sipeya ngati ndi yakalekale. MGB, yomwe inapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980, inali ya malimu a mainchesi 14. Zoyambirira zinkavala 5.60-14, kenako 155SR14 pa yopanda denga ndi 165SR14 pa GT. Datsun 240Z nayo ndi ya 14, ndipo tayala lake linali 175SR14. Triumph Spitfire ndi ya 13. Mazda MX-5 yoyamba ya 1989, yomwe tsopano yalowa m'gulu la zakale, inabwera ndi 185/60R14.

Mwaona kuti manambala akalewo alibe nambala yapakati. Mukawerenga 165SR14, muitenge ngati 165/80R14 ya masiku ano. Ambiri amaphonya apa, n'kugula 165/65R14 poganiza kuti ndi lomwelo, galimoto n'kukhala pansi ngati yathyoka masipuling'i.

2. Werengani msinkhu wa tayala, ndipo musausinthe

Tengani 185/70R14. Nambala yoyamba, 185, ndi m'lifupi mwa tayala m'mamilimita. Yachiwiri, 70, si mamilimita ayi: ikutanthauza kuti khoma la tayala, kuchokera pa limu kufika popondera, ndi magawo 70 pa 100 alionse a m'lifupi muja. R akutanthauza radial, ndipo 14 ndi kukula kwa limu m'mainchesi.

Msinkhu wa tayala lonse mumaupeza potenga khoma kawiri, lapamwamba ndi lapansi, n'kuphatikiza limu. Pa 165/80R14, khoma ndi 132, kawiri ndi 264, limu la 14 ndi 355.6, zonse pamodzi pafupifupi 620. Nambala iyi ilembeni pamwamba pa tsamba, chifukwa tayala lililonse lomwe mungaganize liyenera kuyandikira pamenepo. Ine sindilola kusiyana kopitirira magawo atatu pa 100.

Mukawerengera momwemo, 185/70R14 imapereka 615, 185/65R15 imapereka 622, ndipo 195/60R15 imapereka 615. Onsewa ali pafupi. Koma 195/50R15, lomwe anyamata amalikonda chifukwa limaoneka lamphamvu, limapereka 576 yokha. Galimoto yatsika ndi mamilimita 22, ndipo pa galimoto yomwe ekisozi yake imadutsa kale pafupi ndi nthaka, mamilimita amenewo ndi omwe amagwira pa mahampu a msewu wa M3. Speedometer nayo yayamba kunama: ikamaonetsa 80, inu muli pa 74, injini ikulira pachabe ndi kumwa mafuta. Mukakulitsa msinkhu, imanama mbali inayo, ndipo mudzazindikira apolisi apamsewu atakuimikani kale.

Wina anena kuti 205/45R17 imapereka 616, ndiye ikukwana. Pa pepala inde. Koma khoma lake ndi mamilimita 92 okha pomwe galimoto inabadwa ndi 132. Magalimoto akalewa anawapanga kuti khoma la tayala lizigwira gawo la ntchito ya mashoko. Mukalichepetsa, dzenje lililonse la ku Chinamwali kapena njira ya ku Jali limafika m'mabushi, m'mabering'i ndi m'thupi la galimoto lomwe dzimbiri linadya kale. Limu lenilenilo limapindika. Kwa ine, pa misewu yathu, kukwera ndi inchi imodzi ndi malire: wa 13 apite pa 14, wa 14 apite pa 15. Ndipo kunena zoona, MGB pa malimu a 17 sioneka bwino, imakhala ngati agogo avala nsapato za mdzukulu.

Za m'lifupi musachite dyera. Magalimoto ambiri a nthawi imeneyo alibe power steering. Tayala la 205 kutsogolo likupatsani thukuta poimika galimoto pamsika, ndipo chiwongolero chizikoka chokha potsatira mizere ya phula. Pa galimoto yomwe inali ya 155 kapena 165, tayala la 185 n'lokwanira. La 185 limakhala bwino pa limu la mainchesi 5.5 m'lifupi, la 195 pa la 6.

3. Yezani mabowo, osangowawerenga

Amakaniko amati PCD. Ndi kukula kwa mzere wozungulira womwe umadutsa pakati pa mabowo onse. Akalemba 4x114.3 akutanthauza mabowo anayi pa mzere wa mamilimita 114.3. Pa limu la mabowo anayi, yezani kuchokera pakati pa bowo limodzi kufika pakati pa lomwe lapenyana nalo. Pa la mabowo asanu palibe openyana, ndiye yezani pakati pa mabowo awiri oyandikana n'kuchulukitsa ndi 1.701.

MGB ndi 240Z ndi 4x114.3. Capri ndi 4x108. Spitfire ndi 4x95.25, omwe simungawapeze pa galimoto ya ku Japan iliyonse. Fiat 124 Spider ndi 4x98. MX-5 yoyamba ndi 4x100, mofanana ndi Toyota Vitz ndi ma Corolla ambiri. Chenjerani ndi 98 ndi 100: limu limalowa mokakamiza, manati amamangika chopendekera, ndipo mabawuti amapindika pang'onopang'ono mpaka kuduka. Wina akakuuzani kuti akuzirani mabowo ndi fayilo, nyamukani.

Ngati galimoto yanu ili ndi malimu a masipoko omangidwa ndi nati imodzi yaikulu pakati, nkhani yanu ndi ina. Amenewo amakhala pa mano a habu (chitsulo chozungulira chomwe limu limamangidwapo), osati pa mabawuti, amafuna chubu, ndipo pa MGB ngakhale ekiselo yakumbuyo ndi yaifupi kusiyana ndi ya malimu achitsulo. Kusintha kumeneko si kwa Loweruka limodzi.

4. Offset: apa m'pamene ndalama zimatayikira

Gwirani limu, mulione cham'mbali. Ganizirani mzere wolidula pakati penipeni. Tsopano onani malo osalala kumbuyo, omwe amakhudza habu mukamanga manati. Mtunda wochokera pa mzere wapakati uja kufika pa malo osalalawo ndiwo offset. Kawirikawiri amadinda kuseri kwa limu ndi zilembo ET, mwachitsanzo 15x6J ET40. Nambala ikakula, limu lonse limalowa mkati mwa galimoto. Ikachepa, kapena ikakhala ndi chizindikiro chochotsera, limu limatuluka kunja.

Chifukwa chake nkhaniyi imatipweteka kuno n'chakuti malimu omwe adzaza ku Limbe ndi ku Ndirande anachoka pa magalimoto a ku Japan okoka ndi matayala akutsogolo, ndipo amenewo ali ndi offset yaikulu, cha m'ma 40 mpaka 45. Magalimoto akale okankha ndi akumbuyo ambiri ali ndi yaing'ono. Limu la Nissan Tiida ndi 4x114.3, mabowo ake akugwirizana ndi a 240Z, koma likakhala mkati kwambiri, pafupi ndi shoko. Wogulitsa sakunamizani mwadala. Iye waona mabowo akugwirizana, basi.

Malimu akale ambiri sanadindidwe ET, ndiye muyeze nokha. Gonekani limu pansi chafufumimba, nkhope yake pansi, makamaka lopanda tayala. Ikani thabwa lowongoka pamwamba, ligone pa milomo iwiri ya limu. Yezani kuchokera pansi pa thabwa kufika pa malo osalala aja. Lembani. Kenako yezani m'lifupi mwa limu lonse, kuchokera kunja kwa mlomo wina kufika kunja kwa unzake, n'kugawa pawiri. Chotsani theka limeneli pa nambala yoyamba ija, chotsalacho ndiye offset. Mwachitsanzo, mukapeza 98 pa thabwa ndi 152 m'lifupi, theka ndi 76, offset ndi 22. Musadabwe kuti limu lolembedwa 5J likuyeza pafupifupi mainchesi 6: nambala yodindidwa imawerenga mkati momwe mumakhala tayala, milomo osaiwerengera.

Tsopano yerekezani lakale ndi latsopano. Tiyerekeze kuti lakale ndi 5J ET22, latsopano ndi 6J ET40. Latsopano lakula ndi inchi imodzi, ndipo kukulako kumagawika pawiri: 12.7 mkati, 12.7 kunja. Offset yakwera ndi 18, zomwe zikukankhira limu lonse mkati. Mbali yamkati ndiye yasuntha 12.7 kuphatikiza 18, pafupifupi mamilimita 31 kulowera ku sipuling'i. Mbali yakunja yasuntha 12.7 kuchotsa 18, ndiye kuti yabwerera mkati ndi 5. Mwagula limu lalikulu, koma galimoto ikuoneka yopanikiza miyendo kuposa kale, ndipo mkatimo mwadya malo okwana zala ziwiri. Likanakhala 6J ET15, mkati likanasuntha 6 yokha, kunja 20, ndipo funso likanakhala la mlomo wa madigadi.

Kumbukiraninso kuti tayala limatumba kupitirira mlomo wa limu. Chomwe chimakhula ndi mimba ya tayala, osati chitsulo. Kuchoka pa 165 kupita pa 185 kumawonjezera 10 mbali iliyonse, ndipo kusintha kwa offset kumabwera pamwamba pa apo.

Ena amati agula ma spacer kuti akankhire limu kunja. Kachitsulo ka mamilimita atatu kapena asanu n'kotheka ngati mabawuti akadali aatali mokwanira. Kupitirira apo mukufunika mabawuti ena, ndipo kuunjika mawashala kuseri kwa limu, monga ndinaonera pa Capri ina, n'kuika moyo wa anthu pachiswe. Kutulutsa tayala kunja kwambiri nako kumalemetsa bering'i yakunja ndi kupangitsa chiwongolero kukumenyani m'manja pa dzenje lililonse. Khalani pafupi ndi offset yomwe galimoto inabadwa nayo.

5. Yezani malo pa galimoto yanu, osati ya mnzanu

Gawo ili ambiri amalidumpha chifukwa limafuna kugona pansi. Magalimoto awiri a mtundu umodzi, a chaka chimodzi, safanananso akatha zaka 50. Ina inagundapo n'kuwongoledwa, ina masipuling'i anatopa, ina anaiwotcherera madigadi ena. Nambala yomwe inakwana kwa mnzanu ku Blantyre ndi poyambira chabe.

Imikani galimoto pamalo athyathyathya, matayala akale ali pomwepo. Lowetsani dzanja kuseri kwa tayala lakumbuyo, mupeze chinthu choyandikira kwambiri: sipuling'i ya mapale, shoko, paipi ya mabuleki, chingwe cha handibuleki, kapena khoma la thupi. Yezani mpatawo. Yezaninso kuchokera pa mimba ya tayala kunja kufika pa mlomo wamkati wa madigadi. Chitani mbali zonse ziwiri, chifukwa pa magalimoto a masipuling'i a mapale ekiselo nthawi zambiri sikhala pakati penipeni. Pa yanga mbali ina ili ndi mpata wa chala chimodzi kuposa inzake. Muwerengere mbali yothinayo.

Pa mipata mwapezayo chotsani mamilimita omwe mwawerengera mu gawo 4. Kumbuyo musatsale ndi ochepera 12 mpaka 15 mbali iliyonse, chifukwa pa kona thupi la galimoto limasunthira m'mbali pamwamba pa ekiselo, ndipo tayala nalo limapindika. Ndi zomwe zinandichitikira pokwera phiri: galimoto itaima mpata unalipo, pa kona unatha.

Kutsogolo pindani chiwongolero mpaka pothera, kumanja kenako kumanzere, muone kutsogolo ndi kumbuyo kwa tayala. Mukatero, kwezani galimoto, muikhazike pa zitsulo, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa. Chotsani tayala. Dulani katoni molingana ndi tayala latsopano monga lingaonekere mutalidula pakati: m'lifupi mwake, ndi msinkhu wa theka la nambala munalemba pamwamba pa tsamba ija. Mangirirani katoniyo pa kathabwa, kathabwako mukagwiritse pa habu pamalo pomwe offset yatsopano ikaikire, ndipo muzungulitse ndi dzanja. Kenako ikani jeke pansi pa mkono wa sasipenshoni, mukweze mpaka thupi la galimoto litatsala pang'ono kunyamuka pa chitsulo, muzungulitsenso, chiwongolero chili chopinda. Pomwe katoni yapindika, tayala lidzakhula pamenepo.

Ngati wogulitsa alola, ndipo wabwino amalola, pitani ndi galimoto mukayese limu limodzi kutsogolo ndi kumbuyo musanalipire. Mangani ndi manati awiri, zungulitsani, mvetserani. Onani ngati kuseri kwa limu sikukukhudza kalipa, chitsulo chomwe chimapana disiki ya mabuleki. Pamenepo mpata wa mamilimita atatu ndi wochepetsetsa womwe ndingalole.

6. Bowo lapakati ndi manati

Bowo lapakati likachepa, limu silifika pa habu, ndipo choopsa n'chakuti limatha kuoneka ngati lakhala pomwe latsamira pa mlomo. Likakula kwambiri, limu limatha kukhala chopendekera pang'ono, chiwongolero n'kumanjenjemera ngakhale mwabalansa kangati. Pali timphete todzaza mpatawo.

Manati akale sangogwira ntchito pa limu lililonse. Ena ali ndi mutu wosongoka, ena wobulungira, ena ndi athyathyathya okhala ndi washala, monga a malimu ambiri a aluminiyamu a Toyota. Mutu wa nati ufanane ndi bowo la limu. Mazinga nawo amasiyana: Nissan ndi Datsun ndi M12x1.25, Toyota ndi Mazda ndi M12x1.5, MGB ndi theka la inchi UNF. Nati yosagwirizana ndi bawuti mukaikakamiza, imadya mazinga. Limu la aluminiyamu ndi lochindikala kuposa lachitsulo, ndiye werengani kuti nati ikuzungulira kangati isanagwire: kasachepere 8 pa M12x1.5, ndi 10 pa enawo.

7. Tayala lenilenilo

Pa khoma pali manambala anayi kumapeto kwa mzere woyamba ndi DOT. 2319 ikutanthauza sabata ya 23 ya 2019. Mukapeza manambala atatu okha, tayalalo ndi la chisanafike chaka cha 2000, ndipo ngakhale mapale ake akuoneka atsopano, lauma. Magalimoto akalewa amayenda pang'ono, choncho matayala ake amafa ndi ukalamba asanathe mapale. Pindani khoma ndi chala, muone ngati muli timing'alu.

Pa matayala a kaunjika samalani ndi olembedwa studless kapena okhala ndi chizindikiro cha phiri ndi chipale. Amenewo anapangidwira chisanu cha ku Japan. Labala wake ndi wofewa, pa phula la mu Okutobala amatha msanga ndipo galimoto imayandama pa kona. Onaninso nambala ndi chilembo cha kumapeto, monga 87T: 87 ndi makilogalamu 545 pa tayala limodzi, T ndi liwiro la makilomita 190 pa ola. Zisachepere za tayala loyambirira. Radial ndi crossply (matayala a kapangidwe kakale, monga 5.60-14 aja) musaziphatikize pa ekiselo imodzi, ndipo ndi bwino onse anayi akhale a mtundu umodzi.

8. Ulendo woyamba

Mangani manati ndi dzanja, mopingasa, galimoto ikadali m'mwamba, n'kumalizitsa itatsika. Balansani onse anayi, muonetsenso alayimenti. Matani dongo lochindikala ngati chala pamalo onse omwe munakayikira: mlomo wa madigadi, m'mbali mwa sipuling'i, khoma lamkati. Kwezani munthu, ikani thumba la chimanga kumbuyo, mudutse mahampu angapo, kenako mukwere phiri mpaka ku damu la Mulunguzi pa liwiro lanu la masiku onse. Mukafika, gwadani muone dongo. Ngati langodindika pang'ono, mpata ulipo koma ndi wochepa. Ngati lapalika mpaka chitsulo kuoneka, tsikani pang'onopang'ono, mukabweze malimu akale, muyambirenso pa gawo 4.

Mukayenda makilomita 50 mpaka 100, ngati ulendo wa ku Liwonde, mangitsaninso manati onse, chifukwa pa aluminiyamu amamasuka pang'ono poyamba. Malimu akale musagulitse. Atsukeni, apakeni mafuta, muwasunge pouma, chifukwa wodzagula galimotoyo adzawafunsa. Limodzi likhale sipeya, ndipo manati ake anayi akale muwaike m'kathumba, mumangirire pa sipeyapo.